KUKONZA GIYABOKOSI YA PIKAPU PAKHOMO

Pikapu ndi galimoto yothandiza kwambiri kumudzi. Imanyamula chimanga kupita kuchigayo, feteleza kupita kumunda, ndiponso tomato ndi kabichi kupita kumsika. Munthu akadwala usiku, ndi pikapu yomweyo imene imathamangira naye kuchipatala. Tsono pikapu ikaima, zinthu zambiri zimaima nayo pamodzi, ndipo ndalama zimaleka kulowa pakhomo.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimaimitsa pikapu yakale ndi giyabokosi. Anthu ambiri amaiopa. Amati m'kati mwake muli zitsulo zambirimbiri, ndipo munthu akaziphwasula sangathenso kuzibwezera. Motero galimoto imakhala pansi pa mtengo chaka chathunthu, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Zoona zake n'zakuti giyabokosi ingathe kukonzedwa pakhomo. Ntchitoyi imafuna zinthu zitatu: kudekha, ukhondo ndi kulemba. Chitsulo chilichonse chiyenera kubwerera pamene chinali, ndiponso chiyang'ane kumene chinkayang'ana. Mutu umaiwala, koma kope siliiwala. Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba, chida chachikulu cha ntchitoyi muli nacho kale.

Chitsanzo chathu chikhala Toyota Hilux. Galimotoyi inayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 1968. Tikamba za zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, za magiya asanu. Koma zambiri zimene tinene pano zimagwiranso ntchito pa mapikapu a Nissan, Isuzu ndi Mazda.

GIYABOKOSI IMAGWIRA NTCHITO YANJI?

Injini imazungulira mofulumira, koma payokha singathe kunyamutsa galimoto yodzaza katundu. Giyabokosi ndiyo imene imachepetsa liwiro n'kuonjezera mphamvu. Taganizani za magiya awiri olumana mano. Giya yaing'ono ili ndi mano 15, yaikulu ili ndi mano 30. Yaing'ono ikazungulira kawiri, yaikulu imazungulira kamodzi. Liwiro lachepa ndi theka, koma mphamvu yawirikiza kawiri. Amene amapalasa njinga ya magiya amazidziwa izi akafika pachitunda.

M'giyabokosi muli mashafuti atatu. Shafuti ndi ndodo yachitsulo imene imazungulira. Yoyamba ili kutsogolo, ndipo imalandira mphamvu yochokera ku injini kudzera mu kilatchi. Yachiwiri ili pansi, ndipo yanyamula magiya angapo. Yachitatu ili kumbuyo, ndipo ndiyo imatulutsa mphamvu kupita ku mawilo. Mashafuti onsewa amazungulira pa maberingi.

Magiya oyendera kutsogolo amakhala olumana nthawi zonse. Mukakankha ndodo yosinthira magiya, mumakankha chitsulo chonga foloko. Folokoyo imakankha chibangili chachitsulo, ndipo chibangilicho chimamangirira giya imodzi ku shafuti. Pakati pa chibangili ndi giya pali mphete ya mkuwa imene amakaniko amaitcha sinkiro. Mpheteyi imagwira giya ngati buleki, kuti liwiro la ziwirizi lifanane zisanalumane. Mphete ikatha, giya imalira kuti "kwee!" polowa.

YAMBANI MWAMVETSERA

Musathamangire kutsitsa giyabokosi. Nthawi zina vuto limakhala kwina. Yendetsani galimoto, mvetserani, ndipo lembani m'kope zimene mwamva.

Ngati giya imodzi yokha ndiyo ikukukuta polowa, mphete ya giya imeneyo yatha.

Ngati magiya onse akuvuta kulowa, makamaka giya yobwerera m'mbuyo, yambani mwaona kilatchi. Mwina mafuta ake atha, kapena akudontha.

Ngati mukumva phokoso galimoto itaima, injini ikulira, giya ili pa fulii, ndipo phokosolo likutha mukaponda kilatchi, kawirikawiri ndi beringi ya shafuti yakutsogolo.

Ngati phokoso likuyamba pamene mwaponda kilatchi, imeneyo ndi beringi ya kilatchi. M'kati mwa giyabokosi mungakhale muli bwino.

Ngati magiya onse akulira koma giya yachinayi ili chete, ganizirani maberingi a shafuti yapansi. Chifukwa chake n'chakuti pa giya yachinayi mphamvu imadutsa molunjika, osadzera pa shafuti yapansiyo.

Ngati giya ikutuluka yokha galimoto ikuyenda, mwina foloko yadyeka, mano a chibangili atha, kapena kasipuling'i kogwira giya kafooka. Koma onaninso malabala amene agwira injini ndi giyabokosi, chifukwa akaduka nawonso amatulutsa giya.

Kenaka khuthulani oyilo m'beseni loyera. Yambani mwamasula chotsekera chothirira oyilo, chimene chili m'mbali, musanamasule chapansi. Chotsekera chapansi chimakhala ndi maginito. Mukapezapo timatope takuda tosalala, musade nkhawa. Koma mukapezapo tizidutswa tachitsulo, m'kati muli chimene chathyoka. Oyilo akamanyezimira ngati golide, mphete za mkuwa zikutha. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

ZIDA ZOFUNIKA

Konzani izi musanayambe: masipanala ndi masoketi, jeke, zochirikizira galimoto, nyundo ya pulasitiki kapena ya mtengo, pulayala yochotsera masekilipu, kamaginito, vayisi, palafini, nsalu zoyera, makatoni, timabotolo ndi chingwe. Sekilipu ndi kamphete kachitsulo kotseguka mbali imodzi, kamene kamaletsa beringi kapena giya kusuntha.

Pafunikanso zida ziwiri zoyezera. China ndi timasamba tachitsulo toyezera mpata, totchedwa feeler gauge. Tsamba lililonse lili ndi nambala yosonyeza kunenepa kwake. China ndi sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, yotchedwa torque wrench. Ngati mulibe, bwerekani.

Pezaninso buku la kakonzedwe ka galimoto yanu, kapena masamba ake okamba za giyabokosi. Ma Hilux a zaka zimenezo anali ndi magiyabokosi osiyanasiyana, monga G52 ndi W56. Miyeso yake si yofanana. Dziwani dzina la yanu musanagule kanthu.

Ndipo musaiwale kope ndi pensulo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani chilichonse musanachichotse.

KUTSITSA GIYABOKOSI

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu, choncho werengani bwino. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba. Pingani mawilo ndi miyala ikuluikulu kapena zipika. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke. Jeke amaterereka, ndipo galimoto ikagwera munthu imapha. Chirikizani ndi zitsulo zake zopangidwira ntchitoyi, kapena ndi zipika zazikulu za mtengo wolimba. Njerwa ayi, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Ana asasewere pafupi.

Musagwire nokha ntchitoyi. Mutu umodzi susenza denga. Giyabokosi imalemera pafupifupi ngati thumba la feteleza, ndipo ya galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi imalemera kuposa pamenepo.

Tsatani ndondomeko iyi:

1. Chotsani waya wa batire wa chizindikiro chochotsera.
2. Chotsani ndodo yosinthira magiya m'kati mwa galimoto.
3. Ikani chizindikiro cha penti pamene shafuti yaitali yopita ku mawilo akumbuyo yalumikizana, kuti idzabwerere momwemo. Kenaka ichotseni.
4. Chotsani sitata, waya wa nyale yobwerera m'mbuyo ndi chingwe cha wotchi yosonyeza liwiro.
5. Masulani kasilinda ka kilatchi kamene kali m'mbali, mukamangirire pambali. Paipi yake musaimasule.
6. Chirikizani injini chakumbuyo ndi jeke, mutaika thabwa pakati.
7. Chirikizani giyabokosi, ndipo masulani chitsulo chopingasa chimene yakhalapo.
8. Masulani mabawuti olumikiza giyabokosi ku injini.
9. Kokerani giyabokosi m'mbuyo molunjika mpaka shafuti yakutsogolo itatuluka yonse. Musailole kulendewera pa shafutiyo, chifukwa ingapinde mbale ya kilatchi.

Mabawuti sali ofanana kutalika. Jambulani chithunzi pa katoni, boolani timabowo, ndipo bayani bawuti iliyonse pamalo pake. Fumbi lakuda la kilatchi musaliuzire ndi pakamwa. Makilatchi ena akale ali ndi asibesitosi, amene amaononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

KUPHWASULA

Tsukani kunja kwa giyabokosi musanaitsegule. Mchenga ndi mdani wamkulu wa beringi. Gwirirani ntchito m'nyumba kapena pakhonde losesedwa bwino, pa tebulo loyalidwa katoni. Pabwalo pamene pakuomba mphepo ya fumbi sipoyenera.

Giyabokosi ya Hilux ili ndi chikhokho chakutsogolo, chikhokho chakumbuyo, ndi chitsulo chapakati chimene chagwira mashafuti. Mukachotsa zikhokho ziwirizo, manani chitsulo chapakati mu vayisi mutaika timatabwa kuti chisakandike. Chikhokho chikakana kuchoka, funani bawuti kapena sekilipu imene mwaiwala. Musachikanule ndi chitsulo chakuthwa, chifukwa pokandikapo padzadontha oyilo.

Samalani ndi timipira tachitsulo, timasipuling'i ndi timapini. Tina timagwira giya kuti isatuluke. Tina timaletsa magiya awiri kulowa nthawi imodzi. N'tating'ono kwambiri, ndipo tikagwa pansi timasowa. Tikokeni ndi kamaginito, tiikeni m'timabotolo, ndipo lembani pa botolo lililonse kumene tachokera. Kapini kamodzi kakaiwalika, magiya awiri angalowe pamodzi, giyabokosi n'kumangika galimoto ili pa liwiro.

Pochotsa zinthu pa shafuti, chitani chonchi. Chotsani chimodzi. Lembani nambala yake ndi dzina lake m'kope: 1, sekilipu, 2, beringi, 3, washala, 4, giya yoyamba. Lembaninso mbali imene inayang'ana kutsogolo. Kenaka chiloweteni pa chingwe kapena pa ndodo, motsatana ngati mikanda. Mphete iliyonse ikhale ndi giya yake, chifukwa mphete zina zimaoneka zofanana pamene zili zosiyana.

Magiya ndi maberingi ena analowetsedwa ndi makina, ndipo sachoka ndi manja. Musawamenye ndi nyundo yachitsulo. Chitsulo cha giya n'cholimba koma chimabenthuka, ndipo kachibenthu kangakulaseni m'diso. Nyamulani shafutiyo mupite nayo kugalaja kumene kuli makina opanikizira. Ndalama yolipira pamenepo ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa giya yatsopano. Safunsa anadya phula.

KUTSUKA NDI KUYEZA

Tsukani zitsulo ndi palafini kapena dizilo, chimodzichimodzi, ndipo chibwerere pa chingwe pomwe chinali. Petulo musatsukire, chifukwa amayaka msanga. Musasute fodya pafupi. Tsopano yang'anani chilichonse poyera.

Mano a magiya akhale osalala. Giya ya dzino lothyoka, kapena ya timaenje pa mano, njofunika kusintha. Onaninso timano tating'ono ta m'mbali mwa giya, pamene chibangili chimaluma. Tikakhala tobulungira, giya imatuluka yokha.

Beringi ithireni kadontho ka oyilo, muizungulitse pang'onopang'ono ndi chala. Yabwino imayenda mosalala ndi mwakachetechete. Ikamagwiragwira, ikamalira, kapena ikasanduka yabuluu, yatha.

Mphete ya mkuwa ikanikizeni pa giya yake, muyese kuipotoza. Yabwino imagwira. Kenaka yezani mpata umene watsala pakati pa mphete ndi giya ndi timasamba tija. Mphete ikamatha, mpatawo umachepa. Pa G52 mpata usachepere mamilimita 0.8. Pa W56 usachepere mamilimita 0.5. Foloko iikeni mu mzera wa chibangili chake, muyeze mpata wa m'mbali. Usapitirire milimita 1. Lembani miyeso yonse m'kope.

Pomaliza yang'anani zikhokho ngati zili ndi ming'alu.

KUGULA ZITSULO

Tsopano lembani mndandanda wa zofunika kugula. Masilo oletsa oyilo kudontha ndi magasiketi gulani atsopano onse. Maberingi ndi mphete zakutha musazibwezeremo poti mupulumutse ndalama, chifukwa mudzatsitsanso giyabokosi pakapita miyezi yochepa.

Beringi iliyonse ili ndi nambala m'mphepete mwake. Koperani nambala yonse pamodzi ndi zilembo zake. Nambalayi ili ndi tanthauzo. Pa beringi wamba monga 6205, tengani manambala awiri omalizira, 05, muchulukitse ndi 5. Yankho ndi 25, kutanthauza kuti bowo lake ndi mamilimita 25. Pa 6306, bowo ndi mamilimita 30. Chilembo N chimasonyeza kuti beringiyo ili ndi mzera wa sekilipu kunja kwake. Maberingi ena a m'giyabokosi ndi apadera, choncho pitani kusitolo ndi yakaleyo kuti mukafananitse. Werengani nokha nambala ya yatsopano musanalipire, ndipo tengani lisiti.

Funsani mitengo, muilembe, muiphatikize. Kenaka funsani mtengo wa giyabokosi yathunthu yogwirapo kale ntchito. Ngati chikhokho chang'aluka, kapena magiya ambiri athyoka, mwina kugula ina n'kotsika mtengo. Koma kumbukirani kuti yogula simudziwa za m'kati mwake, pamene yanu mwaiona ndi maso.

KUBWEZERA

Sambani m'manja, yalani katoni yatsopano, ndipo tsegulani kope. Yambirani pa nambala yomaliza kubwerera ku nambala 1. Chitsulo chilichonse chipakeni oyilo wa giyabokosi musanachilowetse. Mphete ya mkuwa ili ndi timipata titatu. Onetsetsani kuti timipatato talunjika pa tizitsulo titatu tili m'kati mwa chibangili, apo ayi mpheteyo iphwanyika popanikiza.

Polowetsa beringi pa shafuti, kankhani mkombero wake wam'kati wokha, pogwiritsa ntchito paipi yoyera yokwana bwino. Mukakankha mkombero wakunja, beringi yatsopano ionongeka isanagwire ntchito. Masekilipu amasiyana kunenepa. Sankhani imene ikulowa mothina mu mzera wake, ndipo yopindika musaibwezeremo. Giya iliyonse mukaiika, izungulitseni muone ngati ikuyenda momasuka.

Bwezerani timapini ndi timipira tonse. Mabotolo onse akhale opanda kanthu. Pa tebulo pakatsala kachitsulo kakale kamene simunakagulire kolowa m'malo mwake, musatseke. Bwererani ku kope mpaka mutapeza malo ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potseka zikhokho, palani gasiketi yakale yonse. Ngati buku likunena za guluu wa gasiketi, pakani pang'ono. Mangani mabawuti mosinthanasinthana, ndipo muwalimbitse pa muyeso wa m'buku.

KUYESA PA TEBULO

Musanakweze giyabokosi m'galimoto, iyeseni. Ikani ndodo yosinthira magiya. Lembani chizindikiro cha choko pa shafuti yakutsogolo ndi pa yakumbuyo. Lowetsani giya, muzungulitse yakutsogolo ndi dzanja, mnzanu aziwerenga.

Pa giya yoyamba, yakutsogolo izungulire pafupifupi kanayi kuti yakumbuyo izungulire kamodzi. Pa giya yachinayi, zonse ziwiri ziyendere limodzi. Pa giya yachisanu, yakumbuyo ifulumire pang'ono kuposa yakutsogolo. Pa giya yobwerera m'mbuyo, yakumbuyo izungulire mosemphana. Pa fulii, mnzanu agwire yakumbuyo, ndipo yakutsogolo izungulire yokha. Chimodzi chikalakwika, tsegulaninso tsopano, giyabokosi ikadali pa tebulo.

KUKWEZA NDI KUSAMALA

Popeza giyabokosi ili pansi, onani mbale ya kilatchi, beringi ya kilatchi, ndi kaberingi kakang'ono kamene kali kumbuyo kwa injini. Zikakhala zakutha, sinthani lero lomwe. Mukachotsa mbale ya kilatchi, poibwezera ikhale pakatikati penipeni.

Kwezani giyabokosi molunjika. Ikakana kufika, igwedezeni pang'ono kuti mano a shafuti alowe mu mbale. Musaikokere ku injini ndi mabawuti, chifukwa mungang'alule chikhokho. Bwezerani zonse motsata kope ndi zizindikiro za penti zija.

Thirani oyilo galimoto ili pamalo osalala. Werengani chigubu. Ma Hilux amenewa amafuna oyilo wa magiya wolembedwa 75W-90, koma tsimikizani m'buku la galimoto yanu. Thirani mpaka oyilo atafika pakamwa pa bowo lothirira. Oyilo wakale musamutaye pafupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje.

Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu. Lowetsani magiya onse, mvetserani, ndipo pobwera suzumirani pansi ngati pakudontha.

Kuti giyabokosi ikhalitse, pondani kilatchi mpaka pansi posintha giya. Imani kaye musanalowetse giya yobwerera m'mbuyo. Musatsamiritse dzanja pa ndodo ya magiya poyenda, chifukwa foloko imadyeka. Musakwere chitunda ndi giya yachisanu mutasenza katundu wolemera. Mukaoloka madzi akuya, onani oyilo. Galimoto ikafuna kukokedwa mtunda wautali, chotsani shafuti yopita ku mawilo akumbuyo, chifukwa injini ikazima oyilo safika bwino pa maberingi.

Patsamba lomaliza la kope lembani tsiku limene mwamaliza ntchito, makilomita amene wotchi ikusonyeza, zitsulo zimene mwasintha ndi ndalama zimene mwaononga. Sungani kopelo m'galimoto. Lidzakuuzani nthawi yosintha oyilo, ndipo tsiku logulitsa galimoto lidzakhala umboni kwa wogula.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Tchulani zinthu zitatu zofunika pokonza giyabokosi pakhomo.
2. Chifukwa chiani sitiyenera kulowa kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke?
3. Giya ya mano 10 ikuzungulitsa giya ya mano 40. Yaing'ono izungulira kangati kuti yaikulu izungulire kamodzi?
4. Bowo la beringi ya nambala 6207 ndi mamilimita angati?
5. Kodi ndi ntchito zina ziti za pakhomo panu zimene kulemba m'kope kungathandize?